Chimbuuzi cha Kumbuyo kwa Mwayesa

Kankhani chitsa icho, utsi ukutilowa m'maso. Poti mwayamba nkhani ya zithunzi, ndikuuzeniko zomwe zinamuonekera Wedisoni Namathanga, wojambula wa pa Migowi. Ine makina anga osokera amakhala pakhonde la situdiyo yake, ndiye zina ndinaziona ndi maso angawa, zina anandiuza mwini wake tikukukuta chinangwa masana.

Wedisoni anali munthu wa maukwati, zinkhoswe ndi tizithunzi ta pa ziphaso. Mkazi wake anamusiya kalekale n'kukakwatiwa kutsidya kwa malire, ndipo iye sanafunsirenso mbeta. Ankagona kachipinda ka kuseri kwa situdiyoko, kudziphikira yekha pa mbaula. Chimene ankachikonda ndi kamera yake, makamaka kalensi kena kakafupi komwe anagula kwa munthu wochokera ku Joni. Tsiku lina anandionetsa kuti m'kati mwa lensi muli kabowo kolowetsa kuwala, eni ntchito amati apecha. Ukakakulitsa, chinthu chimodzi chokha chomwe walunjikapo ndicho chimaoneka ngwee, zakumbuyo zonse zimasungunuka n'kukhala chimbuuzi. Ukakachepetsa, zonse zimaoneka, kuyambira mphuno ya munthu mpaka mtengo wa kutsidya kwa msewu. Akwatibwi ankamukondera chimbuuzicho, poti chinkabisa mbuzi ndi mabafa a udzu omwe amakhala kumbuyo kwa madiresi awo.

Mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati, panafika mayi wina wowonda, atamanga mpango wakuda wosuluka. Pambuyo pawo pankabwera galu wofiirira, wa khutu long'ambika, imvi zitayamba kale pachibwano. Mayiwo anapereka moni kwa ine, kenako kwa Wedisoni, n'kunena kuti dzina lawo ndi Felesiya Mukhuna ndipo akufuna chithunzi cha galu wawoyo. Wedisoni anayamba waseka pang'ono, poti kuno kwathu galu sajambulidwa, amangopezeka m'chithunzi mwangozi. Ataona kuti mayiwo sakuseka nawo, anawapatsa mpando.

A Felesiya anali a m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Michesi, umodzi mwa midzi yomwe napolo anafafaniza chaka chija cha mvula yosakata. Tsiku limenelo iwo anali atapita kukazonda mng'ono wawo kutsidya kwa mtsinje, madzi n'kuwatsekera komweko. Kunyumba kunatsala amuna awo a Fulaye, mwana wawo wamkazi Linile yemwe anali wa msinkhu wotha kusenza ndowa, ndi kamnyamata Kenesi, kongoyamba kumene kuyenda. Phiri litatsika, pomwe panali nyumba panangotsala miyala ikuluikulu ngati nkhokwe. Anthu anakumba mpaka makasu kuthyoka, koma sanapeze ngakhale mmodzi wa atatuwo. Maliro analira opanda bokosi. Patapita masiku, kusukulu komwe anthu anathawira kunatulukira galu ali matope thupi lonse, akununkhiza munthu aliyense mpaka anawapeza. Ameneyo ndiye anali Mwayesa.

Zithunzi za pakhoma zinapita ndi matope, foni ya amuna awo chimodzimodzi.

"Nkhope ya Linile yayamba kundithawa," anatero a Felesiya akuyang'ana pansi. "Ndikatsinzina ndimaona makutu ake ndi mpata wa mano, koma pakati ponse sindikupaonanso. Galuyu wakalamba. Ndiye ndati uyu yekha ndimusunge papepala."

Mwayesa anakana kulowa mu situdiyo. Anayesa kumunyengerera ndi mutu wa usipa, koma anangofika pachitseko n'kugona pansi. Ndiye anagwirizana kuti Wedisoni akamujambulire kunyumba.

A Felesiya ankakhala chakunja kwa Migowi, m'kanyumba komwe achimwene awo anawamangira m'mphepete mwa munda wa nandolo. Kuseri kwa mundawo kunali kanjira kolunjika kuphiri. Wedisoni anafika dzuwa litapendeka kale, poti tsikulo anachedwa ndi anthu a ziphaso. Galu anali asanamujambulepo, koma anadziwa kuti nzeru yake ndi imodzimodzi ndi ya mwana wokwawa: usamujambule uli chiimire, tsika ufanane naye. Anagona chafufumimba pabwalo, malaya onse fumbi. Kuwala kunali kutachepa, ndiye anakulitsa kabowo mpaka kumapeto. Anadziwanso kuti galu ali ndi mlomo wautali, ukalunjika pamphuno maso amatuluka achimbuuzi, ndipo chithunzi cha maso achimbuuzi n'chakufa. Ndiye anasaka diso lomwe linali pafupi naye.

Kamera za masiku ano zimadzisakira zokha polunjika. Pagalasi la kumbuyo pamayenda kabokosi kakang'ono, kakagwira diso kamera imalira kuti tii. Koma tsikulo kabokosiko kankangofika padiso la Mwayesa n'kudumpha, kukaima m'mwamba, kumbuyo, pakati pa nandolo. Lensi inkangolira m'kati ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anayesa kachiwiri, kachitatu, chimodzimodzi. Galuyo naye sankalabadira za wojambula. Nkhope inali kutsogolo, koma makutu onse awiri anali atatembenukira kumbuyo, mchira ukumenya pansi pang'onopang'ono.

Wedisoni anazimitsa zoti kamera izidzisakira yokha, n'kupotokola mkombero wa lensi ndi dzanja mpaka diso linaoneka ngwee. Anajambula.

Chithunzi chinatuluka chokongola, ubweya uliwonse wa pachikope ukuoneka pawokha. Kumbuyo, nandolo anali atasungunuka kukhala utsi wobiriwira. Koma m'kati mwa utsiwo munali timizere tiwiri takuda toimirira, kena kakatali, kena kolekezera pachifuwa pa kanzake. Wedisoni anadzutsa mutu kuti aone ngati ndi zitsa kapena anthu odutsa. Munalibe chitsa m'mundamo, ndipo kanjira kanali zii.

A Felesiya anagwada pambali pake n'kusuzumira pagalasipo. Kenako analoza kamzere kakatali kaja, chala osakhudza galasi, n'kunena kuti bambo ake Linile ankaima choncho, mopendekera kumanzere, chifukwa cha bondo lomwe anavulala akucheka matabwa.

"Akonzeni aoneke, bambo," anatero motsitsa mawu.

Wedisoni anachepetsa kabowo, n'kutsamiritsa kamera pamtondo kuti isagwedezeke. Zonse zinatuluka zooneka: galu, nandolo khoko lililonse, kanjira, phiri kutaliko. Munthu panalibe. Anakulitsanso kabowo, timizere tija tinabwerera pomwe tinali. Anayesa njira ina, kulunjika lensi pamalo penipeni pomwe tinaima. Nandolo wa pamenepo anaoneka ngwee, galu n'kukhala chimbuuzi, ndipo timizere tinali titasunthira kumbuyo, komwe lensi sinkafikako. Paliponse pomwe ankayang'anitsitsa panalibe kanthu. Ankangopezeka komwe diso lasiya.

Mawa lake anatsuka chithunzi choyamba chija, ndipo ine ndinachiona asanabwere mwini wake. Munthu wosadziwa akanati ndi mithunzi ya mitengo. Ine nditachiyang'ana, tsitsi linandiima, sindikudziwa chifukwa chake. A Felesiya atafika anachigwira ndi manja awiri, n'kupita nacho panja powala. Anachipendeketsa uku ndi uku. Pobwerera nkhope yawo inali ina, maso akunyezimira ngati munthu wa malungo.

"Ali awiri," anatero. "Kenesi palibe."

Kuyambira tsiku limenelo mayi aja anayamba kuyenda. Anati ngati akufa aima awiri, ndiye kuti wachitatu sali nawo. Mwina madzi anamukankhira pamtengo, wina n'kumutola. Mwana wosadziwa kutchula dzina la mudzi wake angamubweze bwanji? Anapita kulikonse komwe anthu a napolo anasungidwako. Anafunsa m'matchalitchi ndi m'mizikiti, anafunsa azimayi a pamijigo. Anawoloka malire atamva zoti kumeneko kuli banja lomwe likulera mwana wotoledwa m'matope, n'kukapeza kuti ndi wamkazi. Achimwene awo anawaletsa, osamva. Akabwerako miyendo itatupa, ankadzera ku situdiyo kudzapempha Wedisoni kuti akamujambulenso Mwayesa, aone ngati akadali awiri.

Ndipo Wedisoni ankapita. Poyamba ndinkati ndi chisoni chabe. Kenako ndinaona kuti mnzanga wayamba kumeta ndevu pakati pa sabata, ndipo anandibweretsera malaya ake abuluu kuti nditembenuze kolala. Kumeneko akamaliza kujambula ankakonza chitseko chomwe chinkakhula pansi, kapena kunola khasu. A Felesiya ankamuphikira tiyi ndi mbatata, iwo osadya, atangokhala pamkeka kuyang'ana pagalasi la kamera. Ankamufotokozera za Kenesi, kuti ankaopa nkhuku koma galu ankamukoka makutu, kuti mawu ake oyamba sanali amama koma dzina la galuyo, lomwe ankalitchula kuti Yesa. Wedisoni ankamvetsera. Za mumtima mwake sananenepo kanthu. Anandiuza kuti sungafunsire mkazi amuna ake ali chiimire m'munda.

Tinthu tina tinayamba kuchitika. Tsiku lina kachivundikiro ka lensi kanasowa. Iye ankakaika m'thumba la malaya nthawi zonse, koma anapisamo osakapeza. Anasesa bwalo lonse. Pomwe ankati azinyamuka, anakapeza m'mbale ya galu, kataikidwa bwinobwino chogadama, m'kati mwake muli timiyala tosalala monga momwe ana amachitira posewera masanje. Panyumbapo panalibe mwana, ndipo oyandikana nawo anali kutali. Tsiku lina anafika ku situdiyo n'kupeza galasi la lensi lili ndi chidindo cha chala, chaching'ono, cha matope ofiira. Matopewo anali asanaume. Mvula inali isanagwe kuyambira mwezi wa Epulo.

Ndipo nthawi zonse akagona pansi kuti ajambule, ankamva fungo la dothi lonyowa, ngati la m'dzenje longokumbidwa kumene. Akaimirira, fungolo linkatha.

Timizere tija tinkayandikira. Ulendo woyamba tinali pakati pa munda. Kenako tinafika pamzere woyamba wa nandolo. Kenako m'mphepete mwa bwalo, pafupi ndi thandala. Sitinkaoneka bwino kuposa kale, ayi, tinkangokula, monga chimakulira chinthu chobwera m'nkhungu.

Tsiku lina Wedisoni anachedwa kunyamuka, chisisira chitayamba. Panjira pali kamlatho ka matabwa pakhwawa louma, pomwe munthu umayenera kutsika njinga. Ali pakati pa kamlathoko anaona bambo wina ataima kutsidya, chipewa chitaphimba kumaso. Buluku lake linali lonyowa mpaka m'mawondo. Wedisoni anapereka moni, bamboyo anayankha bwinobwino, mawu ake otsika ngati a munthu wotopa. Koma Wedisoni akati amuyang'ane nkhope, maso ankangoterereka. Chipewa ankachiona, phewa ankaliona, pakati pankakana.

"Galu uja akudya?" anafunsa bamboyo.

"Akudya, bambo."

"Nanga mwini wake?"

"Pang'ono pokha."

Bamboyo anati, "Muwauze azidya."

Anapatuka kuti njinga idutse, ndipo popatukapo anatsimphina mwendo wakumanzere. Wedisoni anakankha njinga osathamanga. Atafika patsogolo anacheuka. Akayang'ana pakamlatho penipeni panalibe munthu. Akayang'ana kumbali, pakona ya diso pankaoneka kuti wina waima.

Mmawa mwake anandiuza zonsezi makina anga ndisanawavundukule. Ine ndinamuuza mosabisa kuti asiye kupitako, zinthu zimenezi zili ndi eni ake, apite kwa abusa kapena angokhala. Anavomera ndi mutu. Koma uthengawo sanaupereke, ndipo unkamulemera. Ankaopa kuti akawauza, mayi aja azikagona pakamlatho kudikira. Anakhala sabata yathunthu osapita. Loweruka lake ndinangoona akupukuta lensi, malaya abuluu ali pathupi.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kwa chaka chimenecho mukukukumbukira. Anawapeza a Felesiya akumanga kamtolo. Anali atamva kuti cha ku Nambazo kuli agogo ena omwe akusunga kamnyamata kosadziwika kwawo, ka chipsera pachipumi. Kenesi anali ndi chipsera pachipumi, anagwera pafuwa. Ankafuna kulawira mmawa. Anali akuseka tsiku limenelo, koyamba chiwadziwireni, ndipo m'kamtolomo anaikamo kakabudula katsopano komwe anagula pamsika, kokulirapo pang'ono, poti mwana amakhala atakula.

Anamupempha kuti ajambule kamodzi kokha, apite ndi mtima wokhazikika.

Wedisoni anagona pansi. Mwayesa anali atagona pafupi ndi khonde, mutu uli pamiyendo, mchira ukugunda. Wedisoni analunjika diso la galuyo, anajambula, n'kuyang'ana pagalasi.

Awiri aja anali atafika kumbuyo kwenikweni kwa galuyo, moti wamtali uja mutu wake sunakwane m'chithunzi. Wamfupi uja nthawi zonse ankaima choyang'ana kutsogolo. Tsikuli anali atatembenukira chammbali, ngati akuweramira galu. Ndipo kumsana kwake kunali chotupa, chomangidwa ndi chinthu chobiriwira ngati chitenje, pamwamba pake pali kanthu kakang'ono kozungulira, kopendekera paphewa.

A Felesiya anali m'nyumba, akufunafuna mpango. Wedisoni anaika chala pabatani lofufutira. Anandiuza kuti sanayambe wafunapo kunama ngati tsiku limenelo. Akanafufuta, akanati kuwala kwakana, mayi aja akanapita ku Nambazo akuseka. Akanabwerako, n'kumvanso za kwina, n'kupitanso, ndipo iye akanapitiriza kubwera Loweruka lililonse kudzamwa tiyi pakhondepo. Anayang'ana mapazi awo pomwe ankatuluka, ong'alukang'aluka, chala china chitamangidwa kansanza. Anachotsa chala pabatani n'kuwapatsa kamera.

Anayang'ana. Kumwetulira kuja kunatsala pankhope kanthawi, ngati kwaiwalika pomwepo. Kenako anakhala pansi, padothi, miyendo atatambasula.

"Wam'bereka," anatero. "Nthawi yonseyi anali kumsana."



"Linile amam'bereka motsika choncho," anapitiriza. "Ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku kuti mwana adzagwa." Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje chawo. "Sanamugwetse."

Sanalire mokweza. Misozi inkangotsika, iwo akuyang'anabe. Dzuwa litalowa anadzuka, anamasula kamtolo kaja, n'kutenga kakabudula kukaika pansi pa pilo. Pamenepo ndi pomwe Wedisoni anawauza za bambo wa pakamlatho, ndi mawu omwe anatumidwa. A Felesiya anamufunsa kuti chipewacho chinali chotani, iye anafotokoza. Anagwedeza mutu. Kenako analowa m'khitchini, anatenga mbatata yomwe anamuphikira mlendo, n'kukhala pakhonde kudya yonse, pang'onopang'ono, ngati munthu womwa mankhwala.

Zitatero Mwayesa ndiye anasiya kudya. Ankangogona kumapeto kwa bwalo, mphuno italoza kuphiri. Usiku oyandikana nawo ankamumva akulira, osati kuuwa, koma kaliridwe kaja ka galu yemwe wamva mapazi a mbuye wake koma chitseko n'chotseka. Nthiti zinayamba kuwerengeka.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, a Felesiya anabwera ku situdiyo. Anati chichitikireni ngozi ija sanapondeko komwe kunali mudzi wawo, ndipo sangathe kupita okha. Achimwene awo anakana, akuti kumeneko kulibe choona. Wedisoni anatseka situdiyo dzuwa lili pamutu, makiyi n'kundisiyira ine.

Galuyo anamukweza m'dengu pakaliyala ya njinga, poti sakanatha kuyenda mtunda wonsewo. Njira inathera pomwe miyala inayambira. Njinga anaisiya pamenepo, galu n'kumunyamula m'manja. Wedisoni akuti malowo anali chete moti ankamva magazi ake m'makutu. Kunalibe mbalame, kunalibe ngakhale chiwala. Miyala yokhayokha, yotuwa, kuchokera m'mwamba mwa phiri mpaka kumunsi, udzu utayamba kumera m'mipata. A Felesiya ankayenda patsogolo akuloza: apa panali mjigo, apa panali pa a Nachuma ophika thobwa. Anakaima pamtengo wa mango womwe unakwiririka mpaka m'nthambi, koma unali ndi masamba, ndi timango tating'ono. Anati umenewu unali kuseri kwa khitchini yawo.

Mwayesa, yemwe panjira ponse anali lende m'manja mwa Wedisoni, anayamba kuphiriphitha. Atamutsitsa anaima yekha, makutu ali njo.

Ndiye kunamveka mluzu. Unachokera kumtunda, pakati pa miyala, wautali, wokwera kumapeto. Sunali wamphamvu. Unali mluzu wa munthu amene akudziwa kuti womuitanayo ali pafupi.

A Felesiya anagwira pakamwa. Galu anawayang'ana, anabwera n'kuwanyambita phazi, n'kuwayang'ananso. Mluzu unamvekanso. Iwo anawerama, anamusisita pakhutu long'ambika lija, n'kunena kuti, "Pita."

Ananyamuka ngati kagalu kakang'ono, kudumpha mwala ndi mwala. Wedisoni anakweza kamera mwachizolowezi, akupotokola mkombero kuti amutsatire, koma galuyo ankathamanga kuposa dzanja lake. M'lensimo anamuona akusungunuka, kufiirira kwake kukusakanikirana ndi kutuwa kwa miyala. Kumtunda kuja chimbuuzi chofiiriracho chinaima, n'kuyamba kudumphadumpha ndi miyendo yakumbuyo, monga amachitira galu pofuna kukwera munthu pachifuwa. Anajambula kangapo osadziwa chomwe akujambula. Atachotsa kamera kumaso, kunali miyala yokha.

Pamenepo anaona kuti a Felesiya ayamba kukwera. Anali atavula patapata, akuyenda msangamsanga, osayang'ana poponda. Wedisoni anawathamangira. Sanayerekeze kuwagwira dzanja, mkazi wa mwini. Anangoti, "Mayi."

A Felesiya anaima okha, pamwamba pa mwala wina waukulu wafulati. Anapendeketsa mutu, kumvetsera.

"Mluzu ndi wa galu," anatero osacheuka. "Ine sankandiimbira mluzu. Ankanditchula dzina."

Anadikira. Wedisoni anaima pansi pa mwalawo, naye kumvetsera, mtima ukupempha kuti dzinalo lisamveke, pempho lomwe anachita nalo manyazi pambuyo pake. Mphepo inayamba kuwomba kuchokera kuphiri, yozizira, ya fungo la mvula. Mitambo inatsika mpaka kuphimba nsonga. Anadikirabe. Madontho oyamba anagwa pamiyala, akuluakulu, otalikirana. Kumtunda kuja sikunamvekenso kanthu, ngakhale kuuwa.

A Felesiya anatembenuka. Nkhope yawo inali yonyowa, kaya ndi mvula.

"Sanandiitane," anatero.

Anatsika pamwalapo mobwerera m'mbuyo ngati nkhalamba. Wedisoni anawatolera patapata. Pobwerera anamupempha kuti aziyenda pambuyo pawo, kuti akafuna kucheuka aziona munthu wamoyo, ndiponso kuti aziyankhula chilichonse. Iye anasowa chonena, ndiye anayamba kufotokoza za ukwati wina wa ku Chiringa komwe mbuzi inadya maluwa a mkwatibwi. Anafotokoza mpaka kumapeto, mvula ikuwamenya, wina osaseka. Dengu linabwerera lopanda kanthu.

Galuyo sanaonekenso. Anyamata osaka mbewa anafunsidwa, palibe anaona ngakhale fupa.

Patapita masabata angapo a Felesiya anandibweretsera nsalu kuti ndiwasokere diresi, yamaluwa achikasu. Mpango wakuda uja anali atauvula. Anati mng'ono wawo, yemwe anasamukira ku Luchenza, wawaitana kuti akathandizane kugulitsa tomato, ndipo avomera. Tsiku lodzatenga diresilo anavala pomwepo, n'kupempha Wedisoni kuti awajambule iwowo, panja, kabowo atakakulitsa mpaka kumapeto monga ankachitira ndi galu. Anaima pamsewu, phiri lili kumbuyo. Wedisoni analunjika diso lawo, ndipo ulendo uno kamera inagwira yokha, kamodzi n'kamodzi.

Atawapatsa kuti aone, nkhope yawo sanaiyang'ane n'komwe. Anafufuza kumbuyo, ngodya ndi ngodya. Kunali kubiriwira kosalala, kopanda banga.

"Apitadi," anatero.

Sindinadziwe ngati akudandaula kapena akupumula, ndipo ndikhulupirira kuti nawonso sankadziwa.

Wedisoni anawafunsa ngati akufuna kuona zithunzi za tsiku la kuphiri lija. Anaganiza kanthawi, n'kunena kuti ayi, osati panopa. Azisunge, asazitsuke, asaonetse munthu. Mtima ukadzakhala pansi adzabwera kudzaziona, ndipo adzaonera limodzi. Iye anawanyamulira chikwama mpaka pa siteji, anawapezera mpando wa pawindo, n'kuima pomwepo mpaka minibasi inakhota. Pobwera ndinamufunsa ngati wanenako kanthu. Anati wawauza kuti ayende bwino.

Zithunzizo mpaka lero sanazitsegule, ngakhale iye mwini. Kakhadi komwe zilimo anakachotsa m'kamera n'kugula kena. Ine ndinayesapo kumunyengerera kuti tingosuzumira, anakana, akuti analonjeza.

Dzinja ladutsa kawiri chichokereni mayi aja. Nthawi zina amatumiza moni kudzera mwa madalaivala, kuti ali bwino, tomato akuyenda. Wedisoni akujambulabe maukwati ndi ziphaso. Koma tebulo lake analisuntha, analichotsa kukhoma kuja n'kuliika pafupi ndi chitseko. Ndipo minibasi iliyonse yochokera ku Luchenza ikaima pa siteji, ngakhale akhale ali pakati pojambula munthu, amatsitsa kamera n'kudikira mpaka wotsika womaliza atatsika.